Ulusi wa Tikambenji

Zaka makumi atatu ndadula ulusi ndi mano
pakhonde la sitolo ku Kamwala.
Sizasi imasochera pansi pa nsalu,
dzino silisochera:
ndinkatero poseka atelala anzanga.

Lachiwiri lina mu Okutobala,
dzuwa likuliza malata,
ndinaluma ulusi wa diresi la ukwati
la mwana wa a Njobvu a ku Chilenje,
kadontho kofiira n'kutsalira pakolala.
Ndinachapa ndi madzi ozizira, ndi mchere,
kenako ndinasokapo kaduwa.
Mkwatibwi anati kaduwako ndiko kakometsa zonse.

Chiyambire tsikulo ndimayankha makasitomala
nkhope ili ku makina.
Nkhama zatupa, zikuthawa mano
ngati mpendero wofumuka.
Lakutsogololi likugwedera,
batani lotsalira pa ulusi umodzi.
Chimanga chowotcha cha mumsewu wa Lumumba
ndimangochinunkhiza podutsa.

Kuchipatala anapala, anatsuka, anandipatsa mapilitsi.
Akuti pakati pa dzino ndi nkhama pachita kathumba,
m'menemo tizilombo tamanga komboni yathunthu.
Mswachi sufikamo.
Mankhwala ochukucha amadutsa pakhomo
ngati minibasi yodzaza kale.

Kathumba!
Ine wosoka matumba a mathalauza a theka la Lusaka
sindinadziwe kuti ndikuyenda ndi lina m'kamwa.

Tikambenji, wachitatu kubadwa,
uja anakana kupalasa makina ali ndi zaka khumi,
amavala khoti loyera ku yunivesite.
Manja a khotilo ndinafupikitsa ndine.
Usiku wina magetsi atapita
anakhala pamulu wa zidutswa za chitenge
nati, Amama, nanenso ndimasokatu.

Ulusi wake amautcha polima.
Akuti ndi wautali, mfundo kugwira mfundo,
koma amaukulunga mpaka ukhale kampira
koti anzake zikwi angagone pansonga ya singano yanga
popanda wopondana.
M'kati mwake amatsekeramo mankhwala.
Cholinga, akuti, n'chakuti ukakaika m'kathumba kaja kamamatire,
malovu asakakokolole,
kazifumuka pang'onopang'ono,
lero pang'ono, mkuja pang'ono, sabata ithe,
mpaka ulusiwo usungunuke wokha
osasiya n'kamfundo komwe.

Ndinati, iwe, chovala chosokera kuti chifumuke?
Kasitomala angandibwezere m'mawa mwake,
ndalama ndi chipongwe pamwamba.
Anaseka, mano ake onse ali pamzere
ngati sitichi ya makina atsopano.

Nanga ubwera nako liti?

Apa anayang'ana kandulo.
Zikadali m'timbale tagalasi, Amama.
Sabata yatha timipirato tinaphulika tsiku loyamba,
mankhwala onse khuthu.
Pali kuyesa, pali mapepala,
pali ndalama zimene zikungoti tikubwera.
Zaka zisanu, kapena kupitirira.

Ndinayendetsa lilime, kuwerenga otsala.
Zaka zisanu n'zambiri kwa batani ili.
Sindinanene.
Ndinangomufunsa ngati ulusi wakewo uli ndi mtundu.
Anati ayi, suoneka n'komwe.
Ndinati ndiye wabwino,
ungasokere nsalu iliyonse.

M'mawa ndinapeza pamakina
kasizasi komangidwa pa riboni wobiriwira,
ndi kapepala: Lachinayi, naini koloko, akapalenso.
Musathawe.

Ndimakavala m'khosi tsopano.
Kamandimenya pachifuwa ndikamapalasa,
atelala anzanga akuti ndalowa mpingo watsopano.
Komabe Disembala akafika, maukwati atapanikizana,
dzanja limaiwala,
ulusi umakwera wokha kufika pamlomo.
Ndimaumva pamenepo, wozizira, wowonda,
ndipo ndimaganiza za mwana wanga kutsidya kwa tauni,
diso limodzi pagalasi,
akupisa ulusi m'singano yomwe ine sindidzaiona,
kusokera mayi wina
amene lero mano ake akadali olimba,
amene muno mu Kamwala momwemuno
akuluma ulusi, akuseka.